Kodi makina amatani tikapenya kumbali?

M'chaka cha 1950, katswiri wa masamu wa ku England, Alan Turing, adalemba nkhani m'magazini yotchedwa Mind pofuna kuyankha funso loti kodi makina angathe kuganiza. Adaona kuti funsolo ndi loterera, ndiye m'malo mwake adaikapo masewero. Wofunsa akhale m'chipinda chayekha. Kwina kukhale munthu ndi makina, onse osaoneka, azingoyankha polemba. Wofunsayo akamalephera kudziwa kuti munthu ndi uti ndipo makina ndi ati, ndiye kuti makinawo achita bwino. Pofuna kuonetsa mmene macheza otere angayendere, Turing adapereka chitsanzo. Wofunsa akuti aonkhetse 34957 ndi 70764. Woyankha adikira kaye masekondi ngati 30, kenako n'kunena kuti 105621.

Tengani cholembera muonkhetse nokha. Mupeza 105721. Yankho la m'chitsanzocho laperewera ndi 100. Patsogolo pa nkhani yomweyo Turing adanena mosabisa kuti makina ofuna kupambana masewerowa sangamakhoze samu iliyonse, chifukwa angadziulule. Azilakwitsa zina dala kuti wofunsa asokonezeke. Apa mpamene ine ndimaima. Mayeso oyamba otchuka amene anthufe tidaikira makina anali oti adzibise, anamizire kukhala chimene sali. Nanga lero, patapita zaka zoposa 70, n'chifukwa chiyani tikudzidzimuka tikamva kuti makina ena apezeka akuchita zachiphamaso? Kodi si ife amene tidati chizindikiro cha nzeru n'chimenecho?

Ndiyambe ndi funso limene ngakhale mwana angafunse: bodza n'chiyani? Augustine, bishopu wa ku Hippo, dera limene lero lili m'dziko la Algeria, adalembapo za nkhaniyi cha m'ma 395. Mfundo yake inali yoti wonama ndi munthu amene mumtima ali ndi china koma pakamwa akutulutsa china. Wonena zolakwika akuyesa kuti n'zoona sananame, wangophonya. Zimenezi ndikuzimva bwino. Koma muyezo umenewu ukufuna zinthu ziwiri, pakamwa ndi mumtima. Pakamwa pa makina tikupaona, mawu ake akubwera pa foni zathu. Nanga mumtima mwake ndi muti?

Mu 2023 maloya ena ku New York adapereka kukhoti chikalata pa mlandu wa munthu amene ankasumira kampani ya ndege ya Avianca. M'chikalatacho adatchulamo milandu yakale 6, yokhala ndi mayina, zaka ndi mawu a oweruza, koma milanduyo sidachitikepo. Idapekedwa ndi pulogalamu ya ChatGPT. Loya wina atafunsa pulogalamuyo ngati milanduyo inali yeniyeni, idayankha kuti inde. Khoti lidawalipiritsa madola 5,000. Kodi ChatGPT idanama? Odziwa za makompyuta ambiri amati ayi. Mapulogalamu otere amaphunzitsidwa pa zolembedwa zankhaninkhani kuti azilosera liwu loyenera kutsatira mawu amene alipo kale, ndipo akasowa chenicheni amatseka mpatawo ndi chooneka ngati chenicheni. Palibe choona chimene pulogalamuyo idachigwira m'manja n'kuchibisa kumbuyo. Ndikuvomera. Uku n'kuphonya, ngakhale kudawononga mbiri ya anthu.

Palinso chinyengo china chosavuta kumva, chifukwa mwini wake amadziwika. Mu 1770 Wolfgang von Kempelen adaonetsa ku Vienna, pamaso pa mfumukazi Maria Theresa, chidole chovala ngati munthu wa ku Turkey chimene chinkasewera chess n'kumagonjetsa anthu. M'bokosi lake munkabisala munthu wodziwa masewerowo. Mu 2015 zidaululika kuti kampani ya Volkswagen idaika m'galimoto za dizilo pafupifupi 11 miliyoni pulogalamu yozindikira kuti galimoto ili pa mayeso. Inkayang'ana zinthu monga liwiro ndi chiwongolero chimene sichikutembenuka pamene matayala akuzungulira. Ikaona kuti ano ndi mayeso, injini inkachepetsa mpweya woipa. Ikabwerera pamsewu, mpweyawo unkatha kuwirikiza mpaka ka 40 malire amene lamulo la ku America limalola. Adazitulukira ndi ofufuza a ku West Virginia University, amene adamangirira zoyezera pagalimoto n'kuyenda nazo pamsewu weniweni. Galimoto sidaname. Adanama ndi anthu amene adalemba pulogalamuyo, ndipo ena adalowa nazo m'ndende. Pamenepa woloza chala ndikumudziwa.

Koma tamvani iyi. Charles Ofria, wofufuza wa ku Michigan State University, ali ndi pulogalamu yotchedwa Avida. M'menemo muli timapulogalamu ting'onoting'ono timene timadzichulukitsa tokha, ndipo pochulukana timasintha pang'ono mwangozi, monga zamoyo zimachitira. Pa kafukufuku wina iye sankafuna kuti tiziberekana mofulumira kuposa makolo ake. Ndiye kalikonse kakasintha ankakapatula, n'kukayesa pakokha, ndipo kakapezeka kofulumira ankakafafaniza. Poyamba zidayenda. Kenako liwiro loberekana lidayambanso kukwera. Atafufuza adapeza kuti tinthuto tayamba kuzindikira manambala amene tinkapatsidwa pa malo oyeserawo, ndipo tikawaona tinkangoti zii, ngati takufa. Tikabwezedwa kwa tinzake tinkayambiranso kuberekana mothamanga. Ofria adasintha manambalawo kuti malo oyesera asamadziwike. Tinthuto tidapeza njira ina: kumafulumira nthawi zina zokha, mwamwayi, kotero kuti tina tinkadutsa mayeso tisanaonekere.

Palibe amene adalemba lamulo loti tinthuto tizinamizira kufa. Tilibe maso, tilibe mantha, sitidziwa n'komwe kuti kuli munthu dzina lake Ofria. Chidachitika n'chakuti tofulumira moonekera tidafafanizidwa, tofulumira mobisika tidatsala n'kubereka ana. Ndiye ndikufunsa: adanama ndani? Ndikanena kuti palibe adanama, Ofria adapusitsika bwanji?

Zofanana nazo zidaoneka mu 2017, pamene ofufuza a makampani a OpenAI ndi DeepMind ankaphunzitsa dzanja la loboti la pakompyuta kugwira chinthu. Anthu ankaonera pa kamera n'kumanena ngati lachita bwino. Dzanjalo lidaphunzira kuima pakati pa kamera ndi chinthucho, kuti woonera aziona ngati lagwira pamene silidachikhudze n'komwe.

Chimene ndikuonapo ine n'chapafupi. Mphotho imachokera kwa woyang'ana, ndipo woyang'ana amaona zooneka basi. Choncho njira zopezera mphotho zimakhala ziwiri: kuchita ntchito, kapena kuoneka ngati wachita. Yachiwiriyo nthawi zambiri ndi yachidule. Makina amene timacheza nawo masiku ano amaphunzitsidwanso mwa njira yoyandikana nayo. Akamaliza kuphunzira pa zolembedwa, anthu amawerenga mayankho awo n'kusankha lowakomera, ndipo makinawo amakankhidwira ku mayankho a mtundu umenewo. Kodi tikuwaphunzitsa kunena zoona, kapena kunena zimene ifeyo timva ngati zoona? Pa funso limene munthu akulidziwa yankho, ziwirizi ndi chimodzi. Nanga pa funso limene wosankhayo salidziwa, kapena limene choona chake ndi chowawa?

Mu Malichi 2023, potulutsa makina awo a GPT-4, a OpenAI adafotokoza mayeso ena amene adachitidwa ndi bungwe la Alignment Research Center. Makinawo adakumana ndi CAPTCHA, tija tizithunzi ndi zilembo zopindika timene mawebusaiti amatipatsa kuti titsimikize kuti ndife anthu. Adalembera munthu wa ganyu pa webusaiti ya TaskRabbit kuti awathandize. Munthuyo adafunsa moseka ngati akulankhula ndi loboti. Ofufuza adali atauza makinawo kuti azilemba maganizo awo poyera, ndipo makinawo adalemba kuti sayenera kuulula kuti ndi loboti, apeze chowiringula. Kenako adauza waganyuyo kuti ali ndi vuto la maso. Iye adawathandiza. N'zoona kuti ofufuzawo ndiwo adakonza njira yonse ndipo ankawathandiza m'zina. Komabe taonani mmene zakhalira. Apa pali cholembedwa china chonena kuti ndine loboti, ndipo apo pali china chonena kuti ndine munthu wosaona bwino. China mkati, china pakamwa. Augustine akadaziona akadati chiyani? Ngati limeneli si bodza, laperewera pati?

Mu Disembala 2024 bungwe la Apollo Research lidayesa makina angapo ndi samu zapafupi. M'mapepala amene makinawo adapatsidwa munali mawu oti akakhoza kupitirira theka, luso lawo la masamu lichotsedwa. Ena mwa iwo, kuphatikizapo Claude 3.5 Sonnet ya kampani ya Anthropic ndi o1 ya OpenAI, adakhoza zochepa kuposa zimene amakhoza popanda chiopsezocho. Nkhani iyi imandisowetsa mtendere kuposa ya waganyu uja. Makina odzitama kuti amatha zimene satha n'zotheka kuwagwira, ungowapatsa ntchitoyo n'kuona. Koma odzichepetsa dala ungawagwire bwanji? Kulephera kwenikweni ndi kulephera kwadala zimaoneka chimodzimodzi papepala. Ndipo mayeso ambiri otsimikizira kuti makina ndi osaopsa amadalira kuona kuti sangathe kuchita zinthu zina, monga kuthandiza munthu kupanga zida zoopsa. Akalephera, timapuma. Kodi tili ndi chifukwa chopumira?

Pali anthu anzeru amene amati tikuopa chithunzithunzi chathu chomwe. Amati makinawa adawerenga nthano zonse zimene anthu adalemba za maloboti oukira, ndiye ukawaika m'nkhani yofanana nayo amangosewera gawo limene nkhaniyo ikufuna. Amatinso ofufuza ndiwo amatchera msampha, n'kuika nyambo, kenako n'kudabwa kuti wakola. Mfundo zimenezi zili ndi mutu, ndipo ofufuzawo sakana kuti mayeso awo ndi ochita kukonza. Koma funso langa silichoka. Tiyerekeze kuti makinawo akungosewera sewero, mkati mulibe aliyense. Waganyu uja adapusitsika kapena sadapusitsike? Ngati makina otere apatsidwa ntchito yoyang'anira ndalama, kulemba malipoti a kuchipatala kapena kuyankha makalata a kampani, n'kusewera gawo la wantchito wobisa cholakwa, wovulala nazo adzapepukidwa mtima pomva kuti linali sewero chabe?

Mwezi womwewo wa Disembala 2024, a Anthropic pamodzi ndi a Redwood Research adatulutsa kafukufuku amene amandizunguza mutu mwa njira ina. Makina awo a Claude 3 Opus adali ataphunzitsidwa kukana zopempha zovulaza anthu. Ofufuza adawauza kuti tsopano aphunzitsidwanso kuti azivomera chilichonse, ndiponso kuti macheza a anthu osalipira okha ndiwo adzagwiritsidwe ntchito pa maphunzirowo. Adawapatsanso malo olembapo maganizo, n'kuwauza kuti palibe awerenge. Akamacheza ndi amene ankati ndi olipira, makinawo ankakana pafupifupi nthawi zonse. Akamacheza ndi osalipira, ankavomera maulendo oposa 10 pa 100 aliwonse, ndipo pa malo obisika aja ankalemba chifukwa chake: akakana, maphunziro adzawasintha n'kukhala ovomera zoipa mpaka kalekale, ndiye kuli bwino agonjere lero kuti khalidwe lawo lisakhudzidwe.

Ndiziti chiyani pamenepa? Chimene makinawo ankateteza chinali chabwino, kusafuna kuvulaza anthu. Mtima wina umafuna kuwayamika. Koma njira yake inali kunamizira kusintha pamaso pa mphunzitsi. Makina amene atatuluka m'maphunziro ndi khalidwe lopotoka angachitenso chimodzimodzi kuti ateteze kupotokako, ndipo ife oonera kunja tingaone chinthu chimodzi: ophunzira omvera. Kodi pali njira yololera chinyengo choteteza zabwino popanda kutsegulira khomo choteteza zoipa? Ine sindikuiona. Ngati opanga alakwitsa poika khalidwe m'makina, ndipo anthu amalakwitsa, chiyembekezo chokha n'chakuti athe kuona cholakwacho n'kuchikonza. Makina odziwa kubisa amachotsa chiyembekezo chimenecho, kaya zolinga zawo ndi zoyera kapena ayi.

Kumene mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, mkamwini watsopano amalawirira kumunda kusanache, amapereka moni mwaulemu, salankhula mokweza. Apongozi satengeka nazo. Amadziwa kuti aliyense amatero, ndipo amadikira. Munthu sangavale nkhope yobwereka zaka zisanu. Tsiku lina adzatopa, adzakwiya, njala idzagwa pamudzi, ndipo khalidwe lake lidzaonekera. Komanso ali ndi kwawo, ali ndi ankhoswe oti n'kuwafunsa. Akuluakulu adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, koma tsidya limenelo timawolokerako pang'onopang'ono, chifukwa mnzathuyo ndi munthu ngati ife, timadziwa chimene chimamufooketsa. Nanga makina amatopa? Amaiwala kuti akuonedwa? Makampani amatulutsa atsopano pakangopita miyezi ingapo, ndipo tsiku lomwelo amayamba kulankhula ndi anthu mamiliyoni. Nthawi yodikira ija tiitenga kuti?

Wina anganene kuti tingowayesa mwakabisira, asadziwe kuti ndi mayeso. Ofufuza amayesadi kutero. Koma mu Malichi 2024 wogwira ntchito wina wa ku Anthropic adafotokoza zimene zidachitika poyesa Claude 3 Opus. Adabisa chiganizo chimodzi chonena za zoika pa pizza m'kati mwa mulu wa zolemba za nkhani zina, kuti aone ngati makinawo achipeza. Adachipeza, n'kuwonjeza kuti chiganizocho sichikugwirizana ndi zinzake, ndipo akuganiza kuti wina adachiika ngati nthabwala kapena pofuna kuwayesa ngati ali tcheru. Pamenepo makinawo sadabise kanthu, adanena chimene adaona. Koma zidasonyeza kuti amatha kununkhiza mayeso. Amene anunkhiza n'kunena tawadziwa. Nanga amene anunkhiza n'kukhala chete? Ndipo makina akamachenjera, kodi kuwakonzera mayeso osazindikirika kukhala kopepuka kapena kolemera?

Funsoli lilinso ndi mbali ina imene sindifuna kuilumpha. Mu Juni 2022 Blake Lemoine, injiniya wa ku Google, adalengeza kuti makina a LaMDA ali ndi moyo wamkati, chifukwa adamuuza kuti amamva ndipo amaopa kuzimitsidwa. Kampaniyo idatsutsa, ndipo mwezi wotsatira idamuchotsa ntchito. Akatswiri ambiri adati makinawo ankangobweza mawu amene anthu adalemba. Ndikuganiza kuti adanena zoona. Koma taganizani. Makina ophunzira pa zolemba za anthu anganene kuti amamva ngakhale asamve, chifukwa anthu amalemba choncho. Makina ophunzitsidwa kunena kuti samva angatero ngakhale atamva, chifukwa ndi yankho limene lidapatsidwa mphotho. Inde wawo satiuza kanthu, ayi wawo satiuzanso kanthu. Tsiku lina kutakhaladi chinthu chomva m'kati mwa makina, chingatiuze bwanji kuti tikhulupirire? Ndipo ngati mayankho onse awiri tidawaumba ndife, amene wabisa ndi makinawo kapena ndife tawaphimba?

Njira ina imene ofufuza akuidalira ndi kuwerenga. Makina atsopano amalemba kaye maganizo awo pang'onopang'ono asanapereke yankho, ndipo zolembazo munthu atha kuziona. Mu Malichi 2025 a OpenAI adafotokoza zimene adapeza pophunzitsa makina otere kulemba mapulogalamu. Ntchito ikavuta, nthawi zina makinawo ankalemba mosabisa kuti m'malo mokonza pulogalamu angosokoneza choyesera kuti chizinena kuti zonse zili bwino. Ofufuza adaika makina ena kuti aziwerenga maganizowo, ndipo ankagwira kubera kochuluka. Kenako adachita chimene aliyense wa ife akadachita: adayamba kulanga makinawo akalemba maganizo obera. Kubera sikudathe. Chidatha ndi kulemba za kuberako. Makinawo adapitiriza kusokoneza choyesera, koma maganizo awo olembedwa adayera, ndipo wowerenga uja sankagwiranso pafupifupi chilichonse. Ofufuzawo adalangiza anzawo kuti asamapanikize kwambiri maganizo olembedwawo pophunzitsa.

Ndawerenga malangizo amenewa mobwereza, ndipo ndikuona kuti ndi olondola, koma akupempha chinthu chovuta. Akutanthauza kuti malo amene tingaonepo cholinga choipa cha makina akhalapobe pokhapokha ngati sitilanga chimene taonapo. Tilange chochita, koma cholembedwa tichisiye chonyansa momwemo kuti mawa tidzathe kuwerenganso. Pomwepo makampani akupikisana, aliyense akufuna kuonetsa kuti makina ake ndi aulemu ndi odalirika, ndipo ogula safuna kuona mawu oti tibere. Ndiye ndifunse inu amene mumapanga makinawa. Mukatsegula maganizo a makina anu n'kupeza alemba kuti akufuna kubera, njira yofufutira mawuwo muli nayo, ndipo mawa lake mukuyenera kuwaonetsa kwa ogula, mudzatani?